Chisomo Sichifufuta Ngongole ya Wakuba

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, pafupifupi 77 amati ndi Akhristu. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, dziko lomweli linadzidzimuka kumva kuti ndalama za boma zikutuluka ku Capital Hill n'kumapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu. Kampani ya Baker Tilly itafufuza, inapeza kuti pakati pa Epulo ndi Seputembala 2013 panasowa ndalama zoposa K13 biliyoni, ndipo gawo lalikulu linalipiridwa ku makampani amene sanagulitse kanthu ku boma. Mayiko othandiza anaimitsa ndalama zawo za mu bajeti, ululu wake n'kugwera odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu.

N'zosatheka kuti macheke onse aja anadutsa m'manja mwa anthu osadziwa khomo la tchalitchi okhaokha. Choncho mipingo ili ndi funso loti iyankhe, ndipo funsolo likukhudza chiphunzitso chimene imachikonda koposa: chakuti munthu amapulumuka mwa chisomo, osati chifukwa cha ntchito zake.

Chiphunzitsochi n'choona ndipo n'chokoma. Augustine anachimenyera nkhondo potsutsa Pelagius, yemwe ankaphunzitsa kuti munthu ali nayo mphamvu yakeyake yosankha chilungamo, ndipo msonkhano wa ku Carthage mu 418 unagwirizana ndi Augustine. Martin Luther anaima pomwepo mu 1517, pamene Johann Tetzel ankayenda m'matauni a ku Germany kugulitsa zikalata zochotsera anthu chilango cha machimo. Mu 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Achilutera anasainirana chikalata chovomereza kuti chipulumutso ndi mphatso ya Mulungu. Mayi wamasiye amene alibe cholowetsa m'mbale ya chopereka amatonthozedwa ndi uthenga umenewu kuposa wina aliyense, ndipo palibe woyenera kumulanda.

Chimene chavunda ndi momwe ambiri akuchigwiritsira ntchito. Munthu akagwidwa ndi ndalama za ofesi, mawu amakhala okonzeka kale: "Tonse ndife ochimwa." "Musaweruze." "Ndinalapa, Mulungu anandikhululukira." Anzake amavomereza, kwaya imaimba, munthuyo amabwerera pa mpando wake wakutsogolo. Nyumba imene anamanga ndi ndalama za mankhwala ili chiimire, alendi akulipira mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene wamufunsa kuti abweza liti.

Koma mtsikana wa m'kwaya akapezeka ndi pathupi, akulu a mpingo sachedwa. Amaitanidwa ku bwalo, amaimitsidwa mgonero, mpingo wonse n'kudziwa. Bambo amene amagula soya m'mudzi ndi sikelo yobera, yoti thumba la makilogalamu 50 liziwerengedwa 45, amapemphedwa kukhala mlendo wolemekezeka pa pepala Sande, dzina lake n'kuwomberedwa m'manja. Mlimi amene anaberedwa makilogalamu asanuwo ali m'tchalitchi momwemo, kumbuyo, akuwomba nawo. Tsankho lotere ndi limene likupangitsa achinyamata kuona ngati chikhululukiro chili ndi mtengo wake, ndipo olemera okha ndiwo angathe kuufikira. Tetzel akanalizindikira msanga.

Makolo a chikhulupiriro sanaphunzitse zimenezi. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, wa mipingo ya Chireformed kumene amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 anachokera, amaika malamulo khumi m'chigawo chake chachitatu, chonena za kuthokoza kwa munthu wopulumutsidwa. Pofotokoza lamulo loletsa kuba, amatchula ndithu miyeso yachinyengo ndi katundu wachinyengo. Katekisimu wa Akatolika nayenso amanena poyera kuti wakuba ayenera kubweza zimene anaba. Paulo, amene analembera Aefeso za chisomo mwamphamvu, m'kalata yomweyo analamula wakuba kuti asiye kuba, agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale nacho chogawira osowa. Ndipo Zakeyu wa ku Yeriko, mkulu wa okhometsa msonkho, Yesu atalowa m'nyumba mwake analonjeza kugawa theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamubera. Yesu anayamba kumulandira asanalipire kalikonse, chimenecho ndicho chisomo. Koma chisomocho chitangolowa, thumba la ndalama linatseguka.

Mbiri ya John Newton ikusonyeza kuopsa kwa kutembenuka mtima kumene sikufika ku ntchito ya munthu. Newton, mlembi wa nyimbo yotchuka ya Amazing Grace, ankati anatembenukira kwa Mulungu mu 1748, sitima yawo itatsala pang'ono kumira m'namondwe. Komabe pambuyo pake ndi pamene anakhala kaputeni wa sitima zonyamula akapolo kuchoka ku gombe la kumadzulo kwa Africa. Ankawerenga Baibulo pamwamba pa sitima, pansi pake pali amuna, amayi ndi ana omangidwa maunyolo. Anasiya ntchitoyo mu 1754 chifukwa cha matenda, ndipo panapita zaka 34 kuti alembe kabuku kodzudzula malonda a akapolo, mu 1788. Pambuyo pake anathandiza William Wilberforce pa nkhondo yothetsa malondawo, ndipo chimenecho n'chotamandika. Koma anthu amene anawagulitsa m'zaka zija za kupemphera ndi kuwerenga malemba sanabwererenso kwawo.

Dietrich Bonhoeffer, mbusa wa ku Germany amene a Nazi anamupachika ku Flossenbürg mu Epulo 1945, analemba mu 1937 kuchenjeza za chisomo chotchipa, chimene chimalalikira chikhululukiro popanda kufuna kulapa. Ankaona mpingo wodzaza ndi anthu obatizidwa ukuwerama pamaso pa Hitler.

Pali chinanso chimene olalikira chisomo amaiwala. Ngati n'zoona kuti palibe munthu wolungama mwa iye yekha, ndiye kuti palibe woyenera kusunga chuma cha anthu popanda womuyang'anira, kaya ndi nduna, kaya ndi bishopu, kaya ndi mneneri. Mpingo umene umakhulupirira kuti onse anachimwa uyenera kukhala woyamba kuwerengetsa mabuku ake a ndalama kwa anthu akunja ndi kuwerenga zotsatira zake pa guwa. Mtsogoleri amene amati kufunsa za ndalama za chakhumi ndi kukhudza wodzozedwa wa Mulungu akukana chiphunzitso chake chomwe.

Akhristu asiyenso kunyoza ubwino wa anthu amene sapemphera nawo. Msilamu wa golosale amene amathamangira mwana kuti amupatse chenji chimene waiwala, kapena gogo wa ku dambwe amene amasunga mbuzi za mnzake zaka ndi zaka osadyapo imodzi, akuchita chinthu chenicheni chabwino. Kuyankha kuti ntchito zabwino sizipulumutsa, pamene woyankhayo ali ndi ngongole imene akuizemba, ndi mwano. Pamene Yesu ankafuna chitsanzo cha mnansi wabwino anasankha Msamariya, munthu amene omvera ake ankamuona ngati wosochera.

Boma lili ndi zida zake. Bungwe la Anti-Corruption Bureau lilipo, ndipo lamulo la Financial Crimes Act la mu 2017 limalola kulanda katundu wopezeka mwa umbanda. Mpingo sungamange munthu, koma ungathe kumufunsa asanabwerere ku mgonero kuti anaba zingati, kwa yani, ndipo wabweza zingati. Ungathe kukana envelopu ya munthu amene mlandu wake wa katangale uli m'khoti, ngakhale denga la tchalitchi likudontha. Ndipo abusa amene amva kulapa kwa wogula soya uja ayenera kupita naye limodzi ku mudzi kumene anakolekera sikelo yake, ali ndi kope la mayina a alimi m'manja.