Msewu wa Gorodi Sufuna Phuma

Dalaivala wozolowera minda yathyathyathya ya ku Beatrice, kumwera kwa Harare, kumene kuli zidzukulu zambiri za Amalawi, amaphunziranso chiwongolero akafika pa msewu wa Gorodi, kumpoto kwa Malawi.

Msewuwu umakwera kuchokera pa Chitimba kukafika ku Livingstonia, mishoni imene Robert Laws anakhazikitsa mu 1894, ndipo uli ndi makona akuthwa 20. Alendo amaukonda chifukwa cha nyanja yoonekera m'munsi ndi mathithi a Manchewe, koma mlimi wopita ndi zokolola kumsika amauopa.

Woyendetsa wanzeru amatsika ndi giya yoyamba, pakuti mabuleki akatentha sagwira. Amaliza hutala pakona, napatukira wokwera. Mvula ikagwa, amadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.