Pokhota ndi pamene mpando umaululira mmisiri wake

Mipando yofewa imene imayalidwa m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga mumzinda wa Lusaka, ndiponso m'misika ndi m'makwalala a ku Mtendere, Chawama, Matero, George ndi Kanyama, kawirikawiri imadutsa m'manja mwa amisiri angapo isanafike kwa wogula. Kalipentala amakhoma felemu ndi matabwa amene ambiri amakagula ku msika wa Buseko, wina amadula ndi kumata siponji, ndipo wina amasoka chikuto ndi nsalu yokhuthala kapena rexine, yomwe ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki kuti ioneke ngati chikopa, zogulidwa m'masitolo a ku Kamwala. Wogula amayang'ana maonekedwe a nsalu, amakhalapo kuti amve kufewa kwake, kenaka n'kuyamba kunenerera mtengo, koma ndi ochepa amene amawerama kuti aone msoko wa pamene chidutswa chokhota chakumana ndi chidutswa chowongoka, monga kutsogolo kwa mkono wa sofa kapena pangodya yobulungira ya kushoni, ngakhale kuti pamenepo ndi pamene chikuto chimayambira kuchita makwinya ndi kuphulika.

Vutoli limachokera pa mfundo imodzi ya masamu imene diso siliiona msanga. Chidutswa chilichonse cha nsalu chili ndi mizere iwiri, wina umene sizasi yadutsamo ndi wina umene singano idzadutsemo, ndipo kachigawo kotsala pakati pa mizere iwiriyi, kamene kamabisika mkati ntchito ikatha, ndiko mpata wa msoko. Pa lamba, amene ndi chidutswa chachitali chowongoka chozungulira m'mbali mwa kushoni n'kulumikiza nsalu ya pamwamba ndi ya pansi, mizere iwiriyi ndi yofanana kutalika, pamene pa chidutswa chokhotera kunja mzere wa sizasi ndi wautali kuposa wa singano, ndipo pa chokhotera mkati ndi waufupi. Mmisiri amene amalinganiza mphepete za nsalu ziwirizi, monga amachitira posoka zidutswa zowongoka zokhazokha, amakhala akukakamiza zinthu zosiyana utali kuti zifanane, chifukwa mizere imene iyenera kufanana ndi ya singano yokha.

Kukula kwa kusiyanaku kumaoneka bwino pa kushoni yozungulira ya pa situlu, imene m'mimba mwake ndi masentimita 40 ikasokedwa. Utali wa mzere wozungulira umapezeka pochulukitsa m'mimba ndi 22/7, nambala imene ana amaphunzira ku pulaimale ndipo Archimedes wa ku Syracuse anali ataigwiritsa kale ntchito zaka zoposa 2,200 zapitazo, choncho mzere wa singano ndi masentimita 125.7. Ngati mpata wa msoko ndi sentimita imodzi, nsaluyo imadulidwa masentimita 42 m'mimba, ndipo mphepete mwake mumakwana masentimita 132. Wozunguliza tepi m'mphepete mwa nsalu yodulidwa n'kudula lamba motsata muyeso umenewo amapezeka ndi masentimita 6.3 opanda kolowa, amene amathera m'makwinya kapena m'kakhwinyata kobisidwa kumbuyo kwa kushoni. Chodabwitsa n'chakuti kusiyanaku sikudalira kukula kwa chinthu chosokedwacho, pakuti ngakhale chikuto cha tebulo la mamita awiri m'mimba chimasiyana ndi masentimita 6.3 omwewo, ndipo kushoni ya ngodya zinayi zobulungira nayo imasiyana chimodzimodzi, pafupifupi masentimita 1.6 pangodya iliyonse. Mpata ukakhala masentimita 1.5, kusiyanako kumafika pa 9.4.

Nsalu nayo imawonjezera vuto lake. Ulusi wake unalukidwa m'litali ndi m'lifupi, ndipo m'njira ziwirizi siitamuka kwenikweni, koma ikakokedwa mopingasa, pa madigiri 45, imatamuka mosavuta. Mphepete yokhota imadutsa m'njira zonsezi motsatizana, kotero kuti pa chidutswa chozungulira pali malo anayi amene amakana kutamuka ndi ena anayi amene amatalika akangokokedwa pang'ono, ndipo dzanja la wosoka limene likuyesa kufikitsa mphepete ina pa inzake limatalikitsa malo ofewawa mosazindikira. Ichi ndi chifukwa chake amisiri osamala amayamba ayendetsa msoko umodzi pa chidutswa chokhotacho chili chokha, kunja pang'ono kwa mzere wa singano, kuti chisasinthe utali pogwiridwa.

Njira yothetsera vutoli siifuna chida chodula mtengo. Mzere wa singano umajambulidwa ndi choko kuseri kwa nsalu, lamba amadulidwa motsata utali wa mzere umenewo kuwonjezapo mipata iwiri yolumikizira mapeto ake, ndipo zidutswa zonse ziwiri zimagawidwa panayi kapena pasanu ndi patatu ndi zizindikiro zimene ziyenera kukumana posoka, kuti kulakwa kukayamba kuoneke pachizindikiro chotsatira, msoko usanapite patali. Kenaka mpata wa msoko wa lamba umatemedwa timing'alu ndi nsonga ya sizasi pamalo onse amene adzakhote, mothithikana pokhota kwambiri ndi motalikirana pokhota pang'ono, ndipo kamng'alu kalikonse kamalekezera mamilimita awiri kapena atatu kasanafike pa mzere wa singano. Timing'aluti tikatseguka, mphepete ya lamba imatambasuka n'kufanana ndi mphepete yaitali ya chidutswa chokhota popanda kukoka chilichonse. Pamene nsalu yakhotera mkati, monga pamene kushoni imazungulira tsinde la mkono wa mpando, chotemedwa chimakhala chidutswa chokhotacho, popeza mphepete yake ndiyo yaifupi. Posoka, chidutswa chokhota chimagona chathyathyathya pa makina ndipo lamba amakhala pamwamba pamene maso akumuona, wosoka n'kumayenda pang'onopang'ono, kuima singano ili m'nsalu, kukweza phazi la makina ndi kutembenuza ntchitoyo pang'ono. Pa mkono wa sofa ndi bwino kuyambira pakati pa chokhotacho n'kutsikira mbali imodzi, kenaka kubwerera pakati n'kutsikira inayo, kuti mbali ziwirizi zifanane.

Kachingwe kokutidwa ndi nsalu kamene kamaikidwa mumsoko kuti mphepete ioneke bwino ndi kulimba, kotchedwa piping, kamakhota mosalala nsalu yake ikadulidwa mopingasa, koma kudula kotere kumadya nsalu yambiri, ndipo amisiri ambiri amakatenga ku zotsalira zowongoka, zimene zimakwinyika pangodya pokhapokha zitatemedwa mothithikana.

Amisiri ambiri amaloza chala makina, ndipo mbali ina akunena zoona. Makina a Singer kapena Butterfly amene anapangidwira kusoka zovala amakoka nsalu ndi mano a pansi okha, pamene phazi la pamwamba limangopsinja, choncho nsalu ya pansi imathamanga kuposa ya pamwamba, ndipo ngakhale itatsogola ndi milimita imodzi yokha pa masentimita 10 alionse, pomaliza kuzungulira kushoni ija imakhala itatsogola kuposa sentimita yathunthu. Makina a mtundu wa walking foot, amene phazi lake limayenda pamodzi ndi mano n'kukoka nsalu zonse ziwiri mofanana, amachotsa vuto limeneli, koma ndi odula ndipo amadalira magetsi, amene anasowa kwa maola ambiri tsiku lililonse m'chaka cha 2024, pamene chilala chimene boma linachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 February chinachepetsa madzi a m'damu la Kariba ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana. Komabe makina abwino sangafupikitse lamba amene wadulidwa motalika, pamene makina opalasa ali m'manja mwa munthu woika zizindikiro amatulutsa msoko woyenera, ngakhale mochedwerapo. Chimene chimawononga ntchito kwambiri ndi kalipiridwe kowerengera mipando imene yatha, kamene kamachititsa kuti mphindi zochepa zojambula ndi choko zioneke ngati zotayika, komanso kaphunziridwe kongoonerera, kamene mnyamata amatengera manja a bwana wake osauzidwa chifukwa chake sizasi ikutema apa osati apo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito za manja, likanathandiza kwambiri likanafikitsa masamu ochepawa kwa ophunzira a m'makomboni, amene ambiri a iwo sadzalowa m'kalasi ya koleji.

Rexine ndiyo imalanga kwambiri wosoka wopupuluma, chifukwa bowo lililonse la singano limakhala mpaka kalekale, ndipo msoko wolakwika ukamasulidwa umasiya mzere wa mabowo poonekera. Mapini saloledwa kupatula mkati mwa mpata wa msoko, ndipo ambiri amagwiriza zidutswazo ndi sitepula ya mapepala m'mphepete momwemo. Msoko uyenera kutalikitsidwa kufika mamilimita anayi kapena asanu kuchokera pa bowo lina kufika pa linzake, pakuti mabowo othithikana amachititsa rexine kung'ambika motsata msoko monga pepala la m'buku la malisiti, ndipo pa chifukwa chomwecho kamng'alu kotemedwa mopitirira kamasanduka poyambira kung'ambika munthu akangokhalapo kangapo.

Kulakwa kwina kumabwera pamene mbali yoyamba ya kushoni yasokedwa bwino, ndipo wosoka akulumikiza nsalu ya pansi. Ngati zizindikiro za pangodya sizinawoloketsedwe molunjika kuchokera m'mphepete ina ya lamba kufika inayo, nsalu ya pansi imayambira pamalo osemphana pang'ono ndi ya pamwamba, ndipo kushoni yonse imapotoka, lamba n'kuonetsa mizere yopingasa imene siichoka ngakhale siponji itakankhidwa motani. Pa mipando ya minibasi za Toyota Hiace ndi mabasi a Rosa, imene imabwera kudzakutidwanso kawirikawiri chifukwa cha kuchuluka kwa okwera, chizolowezi ndi kumasula chikuto chakale n'kuchigoneka pa rexine yatsopano ngati chitsanzo, koma chikuto chakalecho chinatamuka kale mbali imene anthu amalowera, ndipo mpata wa msoko wake unadulidwa kapena kupindika mosafanana. Chitsanzo chodalirika chimajambulidwa pa katoni kuchokera pa siponji yeniyeniyo itakonzedwa, n'kudulidwa pa mzere wa singano mocheperako pang'ono kuposa siponjiyo kuti chikuto chidzagwire zolimba, zizindikiro zokumanira n'kutemedwa pa katoni pomwepo, ndipo mpata wa msoko umawonjezedwa pa rexine pojambula. Katoni imodzi yotere imakwanira mipando yonse yofanana ya m'basi imodzi ndi ya mabasi ena a mtundu womwewo.