Kodi Imvi Zimachepetsa Ntchito?

Pali mau ena amene timaŵamva kaŵirikaŵiri tikaima pa mzere ku chipatala, ku banki kapena ku positi. Mzere ukachedwa, wina amasuzumira kutsogolo, ndipo akaona kuti wotumikira anthuyo ali ndi imvi amanong'oneza mnzake kuti, "Agogo aŵa bwanji osangopita kukapuma kumudzi?" Mwezi uno tifuna kuti tiganizire pamodzi mau ameneŵa, pakuti amene akunenedwawo ndi makolo athu: anamwino, aphunzitsi, makalaliki, alonda, atelala ndi ogulitsa m'masitolo amene apitirira zaka 50. Kodi nzoona kuti munthu akamakula ntchito yake imachepa? Ngati ichepa, chimaichepetsa nchiyani?

Nkhaniyi itikhudza kwambiri ife a ku Malaŵi. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku sukulu za pulaimale, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo panalembedwa aphunzitsi zikwi zambiri nthaŵi imodzi. Anyamata ndi atsikana aja tsopano ali ndi imvi, ndipo atsala pang'ono kufika zaka 60, pamene wantchito wa boma amapuma. Ambiri a iwo akali m'kalasi, akuphunzitsa ana athu. Tikaŵayesa otha ntchito asanathe, otaya ndife.

Funso lathuli linafunsidwanso ku maiko ena. Ku Germany, Axel Börsch-Supan ndi anzake anafufuza kampani ina yaikulu ya zachuma, naŵerengera ntchito imene magulu a antchito ake ankatsiriza. Zimene anafalitsa mu 2021 ndi izi: poŵerengera onse pamodzi, ntchito siinali kutsika pakati pa zaka 20 ndi 60. Pa ntchito zapafupi zongobwerezabwereza, achikulire ankatsalirako; koma pa ntchito zovuta, zofuna kuganiza mofatsa, ndiwo ankaposa.

Izi sizitidabwitsa tikakumbukira kuti ntchito yotumikira anthu siiŵerengedwa monga njerwa. Woumba njerwa timamuyesa ndi chiŵerengero cha njerwa zake dzuŵa likamaloŵa. Nanga namwino timuyesa bwanji? Mwina wachitsikana aona odwala ambiri pa ola limodzi. Koma mai amene wakhala m'chipatala zaka 30 amangoyang'ana kapumidwe ka mwana amene ali kumbuyo kwa amake kumapeto kwa mzere, namuitana kuti aloŵe msanga. Mphunzitsi wakale amazindikira kuti mwana amene sayankha m'kalasi si wopusa ai, koma kuti samva bwino. Ntchito yotere siilembedwa m'kaundula, komatu ndiyo imapulumutsa moyo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Komabe sitingakane kuti alipo achikulire amene ntchito yao yatsikadi. Tikayang'anitsitsa, tiona kuti zambiri zoitsitsa ndi zinthu zoti zingathe kukonzedwa.

Choyamba ndi maso. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi. Si matenda, ndi ukulu basi, ndipo zimagwera pafupifupi aliyense. Telala amalimbana ndi ulusi pa singano, kalaliki amatalikitsa pepala kuti aone manambala, mphunzitsi amachedwa kuchonga makope, ndipo namwino amavutika ndi timalemba ta pa botolo la mankhwala. Oonerera amati munthuyu wayamba ulesi kapena kuiŵala, pamene chimene asoŵa ndi mandala oŵerengera. Ku Bangladesh anayesa zimenezi pa anthu 824 a m'midzi, ena mwa iwo atelala, amisiri ndi ogulitsa m'masitolo. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2024, zinasonyeza kuti patapita miyezi 8, amene anapatsidwa mandala ankapeza ndalama zoposa za anzao ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Taonani kuchepa kwa mankhwala ake!

Chachiŵiri ndi matenda oyenda mwakachetechete. Kafukufuku wa m'dziko muno wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziŵa. Matendaŵa, pamodzi ndi a shuga, amakonda anthu aakulu. Akapezeka msanga, munthu namamwa mankhwala mokhulupirika, amagwira ntchito yake zaka zambiri. Akanyalanyazidwa, tsiku lina timangomva kuti aphunzitsi athu agwa ndipo afa ziwalo mbali imodzi, luso lao lonse lathera pa mphasa.

Chachitatu ndi kagaŵidwe ka ntchito ndi maola ake. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata, kupatula oonjezera. Koma tidziŵa alonda achikulire amene amachezera usiku ndi usiku, kuzizira kwa mwezi wa June kuli pa msana, m'maŵa nkukagwiranso ganyu kapena khasu. Tulo ta munthu wamkulu ndi topepuka, ndipo thupi lake limachedwa kubwerera m'malo akachezera. Chimodzimodzi kuimirira tsiku lonse pa simenti kumatha maondo ndi msana. Mpando wa wogulitsa m'sitolo, nyali yoŵala bwino pa tebulo la kalaliki, kusinthana masiku a usiku mwachilungamo: zonsezi sizilira ndalama zambiri. Bwana wanzeru amapatsa wamkulu ntchito yofuna nzeru, napatsa wamng'ono yofuna liŵiro, kuti aŵiriwo athandizane.

Chachinai ndi kusiyidwa pa maphunziro. Masiku ano ntchito zambiri zaloŵa m'kompyuta ndi m'foni. Ogula amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo malipoti amene kale tinkalemba ndi cholembera tsopano amatumizidwa pa intaneti. Pakabwera mwaŵi wa kosi, abwana amasankha achinyamata, nati, "Aŵa atsala pang'ono kupuma, tingotaya ndalama." Pambuyo pake abwana omwewo amadandaula kuti achikulire sadziŵa kompyuta. Adziŵa bwanji chimene sanaphunzitsidwe? Munthu wa zaka 52 akali ndi zaka 8 za ntchito ya boma, ndipo si achinyamata onse amene amakhala pa malo amodzi nthaŵi yaitali chotere. Wamkulu amaphunzira ndithu, malinga umuonetse pang'onopang'ono, agwire yekha, ndiponso usamchititse manyazi pa anthu.

Chachisanu, chimene tichiona kuti nchachikulu, ndi mtima. Wantchito amene tsiku ndi tsiku amamva kuti akutsekereza ana malo, amene maganizo ake safunsidwa pa msonkhano, amene mwana amene iye anamphunzitsa ntchito amamuyankha mwachipongwe, amayamba kungoŵerenga masiku. Thupi lili pa ntchito, mtima unapita kale kumudzi. Onjezerani nkhaŵa za pakhomo: fizi ya ana otsiriza, adzukulu amasiye, ndi mantha akuti penshoni idzachedwa. Munthu wotere sanathe nzeru. Wangotha mphamvu ya mumtima.

Tsono tinene kwa anzathu achikulire. Imvi pazokha si luso. Alipo amene akhala pa ntchito zaka 30 koma anasiya kuphunzira m'chaka chachiŵiri, ndipo chilichonse chatsopano amachiyankha ndi mau akuti, "Ife kale sitinkatero." Tisatero ai. Tipite tikayezetse maso ndi magazi, tivale mandala opanda manyazi, ndipo tilole kuti mwana wa dzulo atiphunzitse foni monga ifenso tinamphunzitsa kugwira choko. Zimene tidziŵa tisazibise poopa kulandidwa malo, pakuti luso lobisa limapita nafe kumanda.

Kwa inu achinyamata, tidziŵa kuti ntchito ndi zosoŵa, ndi kuti nkoŵaŵa kukhala ndi satifiketi m'thumba koma osalembedwa. Komabe mdani wanu si mai wa imvi amene ali pa kauntala. Mukaloŵa ntchito, khalani pafupi naye, mumufunse, muone m'mene amaziziritsira munthu wobwera ndi ukali. Zimenezo sizili m'buku lililonse la kukoleji. Ndipo inu amene muli ndi bambo kapena mai amene akali pa ntchito, tikupemphani chinthu chimodzi mwezi uno: muŵaperekeze ku chipatala akayezedwe maso ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ngati afuna mandala, muŵagulire. Iwo anakugulirani makope zaka zambiri osaŵiringula.