Awombereni m'manja owerenga miyala ya kumanda ku Athens

Mwala wa chikumbutso cha Dexileos, womwe unafukulidwa kumanda a Kerameikos mu 1863, ndi wosowa pakati pa miyala inzake. Umanena kuti mnyamatayu anabadwa Teisandros ali mkulu wa mzinda, ndipo anafera kunkhondo ku Corinth m'chaka cha Euboulides. Anthu a ku Athens ankatchula chaka ndi dzina la mkulu wolamulira, ndipo mndandanda wa akuluwo ndi wodziwika. Choncho Dexileos anabadwa cha mu 414 n'kumwalira mu 394 Khristu asanabadwe, ali ndi zaka pafupifupi 20.

Miyala yambiri ndi youma pakamwa. Imatchula dzina la malemu, la bambo wake ndi kwawo, basi. Chaka chake amachita kuchifufuza, ndipo amene amagwira ntchito yotopetsayi ndiwo tikuwayamikira lero.

Stefanos Koumanoudis anasonkhanitsa zolembedwa za pamanda a ku Attica m'buku lake la mu 1871. Lilian Jeffery wa ku Oxford, mu 1961, anasonyeza kuti kalelo mzinda uliwonse wa Agiriki unali ndi kalembedwe kakekake, kotero kuti maonekedwe a chilembo angaulule kwawo kwa mwala ndi nyengo yake. Ena amadalira mbiri. Aperisi atathamangitsidwa mu 479 Khristu asanabadwe, linga la Athens linamangidwa mwaphuma, miyala ya pamanda n'kusanduka zomangira. Chiliza chopezeka m'lingamo ndiye kuti n'chakale kuposa lingalo. Nayenso Demetrius wa ku Phaleron, yemwe anayamba kulamulira mu 317, analetsa ziliza zodzionetsera chuma, ndipo pambuyo pake pamanda panachuluka tizipilala tating'ono.

Koma chosiririka kwambiri n'chakuti akatswiriwa amalola kutsutsidwa. Mzinda wa Athens unavomereza zilembo za ku Ionia mu 403, komabe osema ena anali atayamba kale kuzilemba, ndiye wanzeru salumbirira chilembo chimodzi. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti chilembo cha sigma cha mizere itatu chinasiyidwa cha mu 446. Harold Mattingly anakana, pafupifupi yekhayekha. Mu 1990 Mortimer Chambers ndi anzake atauunika ndi kuwala kwa laser mwala wa pangano la Athens ndi mzinda wa Egesta, womwe uli ndi sigma yotereyi, anawerengapo dzina la Antiphon, mkulu wa mu 418. Mkangano sunathe tsiku lomwelo, koma ambiri anabwerera kukaonanso zaka zimene anali atalemba kale.