NYAMBO YA PA KHOMO LA KANEMA

Msodzi aliyense adziwa kuti nsomba siimeza mbedza cifukwa ca kukonda citsulo ai. Imameza cifukwa ca nyongolotsi imene yaphimba mbedzayo. Ndiponso msodzi wanzeru saika nyambo imene aikonda iye mwini, koma imene ikondedwa ndi nsomba imene alikufuna kupha. Ndayamba ndi mau awa cifukwa ndifuna kukamba nanu, anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu, za nyambo ina imene mulikuimeza tsiku ndi tsiku. Nyamboyo ndiyo cithunzi cimene eni ake a kanema amaika pa khomo, pa cipupa, kapena pa galasi la foni yanu, kuti mulowe ndi kulipira ndarama.

Aphunzitsi anu anakuphunzitsani kuwerenga malembo, ndipo anacita bwino. Koma cithunzi naco cimawerengedwa, ndipo cikhoza kunama koposa pakamwa. Munthu akakunamizani ndi mau mungathe kumgwira, nimunena kuti, "Dzulo munati cakuticakuti." Koma cithunzi sicilumbira. Cingokuonetsani kanthu, ndipo bodzalo mulitsiriza nokha mumtima mwanu. Ine ndinena poyera kuti zambiri mwa zithunzi izi sizijambulidwa kuti zifotokoze nkhani iri m'kanemamo. Zijambulidwa kuti zigwire munthu pamene ali wofooka.

Kanema si mlendo pakati pathu. M'zaka za m'ma 1950 anthu a m'makomboni a ku migodi analikusonkhana panja madzulo kukaona baisikopo, ndipo mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba kuti anthuwo anakonda koposa makanema a oweta ng'ombe okwera pa akavalo, ndi kuti ngwazi iriyonse ya m'makanemawo analikuicha Jack. Makanema amenewo anacokera ku America, monganso ambiri amene muwaona lero. Cifukwa cake, ngati tifuna kudziwa m'mene nyamboyi ikonzedwera, tiyenera kupita kwao kwa eni ake ndi kuona nchito yao.

Cenjerero loyamba ndilo kukuza cinthu coopsya. M'caka ca 1975 kunaturuka kanema wochedwa Jaws, ndiko kunena nsagwada, wa Steven Spielberg, wosimba za shaki, cinsomba ca m'nyanja ya mcere cimene cimadya anthu. Cithunzi cake coitanira anajambula ndi Roger Kastel. Pamwamba pali mkazi wamng'ono alikusambira osadziwa kanthu. Pansi pake pali cimutu ca shaki cirikukwera, kukamwa kuli yasa, mano ali mbuu, ndipo mutu wokhawo uposa thupi lonse la mkaziyo. Dzina la kanemayo lalembedwa ndi malembo ofiira ngati mwazi. Taonani nzeru yake: inu mulikuona tsoka limene mkaziyo salikuliona, ndipo mtima wanu ufuna kupfuula kuti, "Thawa!" Simungapume kufikira mutadziwa cimene cinamcitikira. Koma m'kanema mwenimwenimo shaki ya makina imene anapanga inalikuonongeka kawirikawiri, kotero kuti pa nthawi yaitali woonerera saiona bwino konse. Kanemayo ndi wabwino, sindikana. Koma cimene cinasonkhanitsa makamu poyamba ndico cinsomba ca utoto, osati ca m'kanema.

Cenjerero laciwiri ndi loipa koposa, ndilo kulonjeza cinthu cimene mulibe. Mu 1956 kunali kanema wochedwa Forbidden Planet. Pa cithunzi cake pali cimunthu ca citsulo citanyamula namwali wokomoka, wobvala zosabisa thupi, monga ngati calanda mkazi wa mwini. Mukalowa mupeza kuti cimunthuco, dzina lake Robby, ndi wanchito wofatsa, wokonza cakudya ndi zobvala, amene sangathe kupweteka munthu. Namwali wokomokayo samnyamula konse. Amene amnyamula ndi mwamuna, dotolo wobvulala. Nanga namwaliyo anafikapo bwanji pa cithunzi? Anamuikapo cifukwa anadziwa kuti maso a anyamata adzaima pomwepo. Cimodzimodzinso mu 1958, Reynold Brown anajambula mkazi wamtali ngati phiri atatang'adza pa mseu waukuru, galimoto iri m'dzanja, poitanira kanema wochedwa Attack of the 50 Foot Woman. Koma zimenezo m'kanemamo mulibe. Ndipo kampani ya American International Pictures, ya James Nicholson ndi Samuel Arkoff, inachuka ndi mwambo wakuti ayambe apeza dzina ndi kujambula cithunzi, ndipo akaona kuti eni nyumba za kanema acikonda, pamenepo ndipo aitane munthu kuti alembe nkhani. Kodi munaonapo munthu womanga denga asanazike nsanamira? Awa anatero, cifukwa cimene analikugulitsa ndi dengalo.

Wina adzati, "Zimenezo nza kale." Imvani tsono za masiku ano. Mu 2019 kunaturuka kanema wochedwa Yesterday, ndipo m'kacidutswa kake kolawitsa anthu munali mkazi wochuka, Ana de Armas. Koma pomaliza kukonza kanemayo anamcotsamo yense. Amuna awiri a ku America amene analipira madola 3.99 yense kuti amuone anapita ku bwalo la milandu mu 2022, ndipo woweruza anati kacidutswa kotere ndi kulengeza malonda, cotero malamulo oletsa kunama pa malonda akagwira. Ngakhale mu 2023 anakana madandaulo ao ambiri, mau oyambawo tiwasunge: colawitsa ndi malonda, si umboni ai.

Cenjerero lacitatu ndilo limene lindiwawa mtima, cifukwa likhudza ulemu wathu. Pa cithunzi, nkhope yaikuru ndiyo ya munthu wofunika. Yaing'ono ndi ya wongoperekeza. Maso adziwa zimenezi osauzidwa. Mu 2013 kunaturuka kanema wochedwa 12 Years a Slave, wosimba mbiri yoona ya Solomon Northup, munthu wakuda wa mfulu amene anabedwa mu 1841 nakhala kapolo ku Louisiana zaka 12. Amene anasewera ngati Northup ndiye Chiwetel Ejiofor, yemwe uja anadzapanga kanema wa William Kamkwamba wa ku Kasungu mu 2019, nalankhulamo cinenero cathu. Nkhani yonse ya kapoloyo iri pa mapewa ake kuyambira pa ciyambi kufikira pa mapeto. Koma ku Italy ogulitsa kanemayo anasindikiza zithunzi zimene nkhope ya Mzungu, Brad Pitt, inadzaza pepala lonse, ndipo Ejiofor anali kamunthu kothamanga m'munsi. Pitt aoneka m'kanemamo nthawi yocepa cabe, ngati mmisiri wa matabwa, ca ku mapeto. Anthu atadandaula, ogulitsawo anapepesa nacotsa zithunzizo. Mu 2009 ku Britain, pa cithunzi ca Couples Retreat anafafaniza osewera awiri akuda, Faizon Love ndi Kali Hawk, ndipo kampani ya Universal inapepesa. Mu 2015 ku China, pa cithunzi ca Star Wars: The Force Awakens, John Boyega anacepetsedwa kuposa m'mene analiri pa cithunzi ca ku America. Katatu konseka wamalonda anayesa mumtima mwake kuti nkhope yakuda siigulitsa, ndipo poicepetsa anaphunzitsa maso a anthu zikwizikwi kuti kucepa ndiwo malo ake.

Musafulumire kukondwa nkhope yakuda ikakuzidwa, pakuti msodzi amasintha nyambo monga mwa nsomba. Kampani ya Netflix inalongosola yokha mu 2017 kuti kanema mmodzi amakhala ndi zithunzi zingapo, ndipo makina amasankhira munthu aliyense cimene angacikonde, poona zimene anaonerera kale. Mu 2018 anthu akuda ena anadandaula kuti alikuonetsedwa zithunzi za osewera akuda pa makanema amene osewerawo angodutsamo, monga Like Father. Netflix inayankha kuti siifunsa mtundu wa munthu, ingotsata zimene amaonerera. Cabwino; koma taganizani. Kale cithunzi cinali cimodzi pa cipupa, ndipo mudzi wonse unatha kuciona ndi kutsutsana naco. Lero inu ndi mnzanu mungakhale pa mpando umodzi, yense ndi foni yake, kanema yemweyo, koma nyambo zosiyana. Bodza limene munthu auzidwa payekha libvuta kuligwira.

Ndidziwa cimene ena adzanditsutsa naco. Adzati, "Kodi pali wamalonda amene amanyoza katundu wake? Mai wogulitsa tomato pa msika saika zofiira pamwamba kodi?" Indedi aika. Koma zapansizo ndi tomato ndithu, ndipo muli ndi ufulu wa kuzitembenuza musanalipire. Akaika tomato pamwamba ndi miyala pansi, msika wonse umucha mbala. Kanema simungamtembenuze, mulipira poyamba, ndipo mukapeza miyala palibe wobweza ndarama zanu, kapena maora awiri a moyo wanu. Pamene wogula sangathe kuyesa katundu, pomwepo ndipo wogulitsa ayenera kunena zoona koposa.

Ndiponso si zoona kuti cithunzi cosanama sicikopa. Saul Bass, mmisiri wa ku America, anapatsidwa kanema wa 1955 wochedwa The Man with the Golden Arm, wosimba za munthu womangidwa ndi mankhwala oledzeretsa. Cizindikiro cimene anacipanga cinali mkono umodzi wakuda, wokhotakhota, ndipo mkono umenewo unanena msana wa nkhani yonse. Mu 1958 anajambulira Vertigo munthu alikugwa m'kati mwa mizere yozungulira ngati kabvumvulu, pakuti nkhaniyo ndi ya munthu wogwidwa cizungulire pa malo atali. Zithunzi izi zicemererwa kufikira lero. Cotero wonama asanene kuti nchito yake imkakamiza. Wasankha yekha njira yaifupi.

Sindikuletsani kanema, anzanga. Ine ndemwe ndimkonda. Ndikupemphani kuti mutenge nzeru ya ku sukulu ndi kupita nayo pa khomo la kanema. Mukaima patsogolo pa cithunzi, dzifunseni mafunso awa. Ndani wakuzidwa, ndani wacepetsedwa, ndipo cifukwa ninji? Maso anga ayamba kugwa pati: pa mfuti, pa moto, kapena pa thupi la mkazi? Wojambulayu anandiyesa munthu wotani pamene anasankha kundionetsa ici? Funso lotsirizali ndilo lalikuru, pakuti nyambo iulula m'mene msodzi aipeputsira nsomba. Mukatero, funsani amene anamuona kale kanemayo, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo inu amene tsiku lina mudzapanga makanema athuathu, ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Kitwe, musakatengere mwambo uwu pamodzi ndi makina. Amene wasenza nkhani ndiye akhale wamkuru pa cithunzi, ndipo cimene mulibe musacijambule.

Makolo athu sanaone Hollywood, koma anaona mkuyu. Anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo sanatiuze kuti tileke kudya nkhuyu ai. Anatiuza kuti tiyambe taing'amba ndi kuyang'ana m'kati.