Mlandu Suwola: Tisanamizane pa Nkhani ya RPG

Pali bodza limene likuyenda m'tauni muno ndipo ndi bwino tilitsekere njira lisanabereke ana. Bodzalo ndi lakuti gemu iliyonse imene ili ndi lupanga, chinjoka ndi manambala okwera pamwamba pa mutu wa munthu, basi imeneyo ndi RPG. Mukalimva kwa anyamata oika magemu m'mafoni ku Limbe. Mukalimvanso m'tinyumba ta magemu ta ku Nancholi, Manase ndi Zingwangwa, m'mene ana amalipira kuti agwireko padi kwa mphindi zowerengeka. Ena afika ponena kuti mpira wa pa PlayStation nawonso ndi RPG poti wosewera amakwera mphamvu ndi mtengo. Aaa, abale anga, ngati zili choncho ndiye kuti buku la ngongole la pa okala nalonso ndi RPG, pakuti namonso manambala amakwera tsiku ndi tsiku.

Wina afunsa kuti kodi zamagemu zikudzatani patsamba la ndakatulo ndi nthano? Dekhani. RPG ndi chidule cha mawu achingerezi akuti role-playing game, kutanthauza masewera ovala umunthu wa wina, monga achitira wazisudzo pa siteji. Sanayambire pa kompyuta ayi. M'chaka cha 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa Dungeons & Dragons, masewera a patebulo ofuna pepala, pensulo ndi madayisi basi. Munthu mmodzi amasimba nkhani, enawo nkumayankha zimene anthu awo a m'nkhanimo achite. Imeneyo ndi nthano ya pamoto imene omvera aloledwa kulowamo ndi kuikhotetsa. Ngati nthano ili ndi malo patsamba lino, mdzukulu wakeyu tisamuthamangitse.

Tsono chimene chimasiyanitsa RPG ndi magemu ena nchiyani? Ine ndikuti ndi chimodzi: RPG siiwala. Taonani Mortal Kombat. Mnzako umuzula mutu ndi msana womwe, koma mukayambiranso wabwera wathunthu, alibe ndi chipsera chomwe. Mpira ukatha, wotsatira umayamba 0-0. Magemu amenewa ndi okoma, sindikutsutsa, koma alibe dzulo. Mu RPG zimene unachita dzulo umadzuka nazo lero, ndipo dziko la m'gemumo limakuyang'ana ndi maso okudziwa. Manambala aja, a mphamvu, a nzeru, a ndalama, ndi kaundula chabe wa zimene wadutsamo. Wolambira manambala ali ngati munthu wosirira buku la ngongole osafunsa kuti shugayo anadya ndani.

Mboni yanga yoyamba ndi Ultima IV, imene Richard Garriott anatulutsa mu 1985. Mu gemu imeneyi mulibe chimfiti chachikulu choti ukachiphe kumapeto. Ntchito yako ndi kukhala munthu wolungama pa makhalidwe asanu ndi atatu: kuona mtima, chifundo, kulimba mtima, chilungamo, kudzipereka, ulemu, uzimu ndi kudzichepetsa. Ogulitsa zitsamba zopangira matsenga ndi akhungu. Akakuuza mtengo, utha kupereka ndalama zoperewera ndipo palibe wapolisi amene akugwire. Utuluka ukumwetulira kuti wachenjera. Koma gemu yalemba. Tsiku limene udzapite kwa mlosi Hawkwind kukafunsa za ulendo wako, adzakuuza kuti ukadali kutali, ndipo udzayenda mtunda wautali kukonza zimene unaononga ndi timakobidi tochepa. Makolo athu anati mlandu suwola. Garriott anangouika mwambiwo m'kompyuta.

Mboni yachiwiri ndi Chrono Trigger ya 1995, ya kampani ya Square ya ku Japan. Gemu imayamba ndi chisangalalo cha pabwalo. Mnyamata Crono awombana ndi mtsikana, onse nkugwa, mkanda wa mtsikanayo nkutayika. Kodi uyamba wadzutsa munthu kapena uthamangira mkanda? Pali chakudya cha nkhalamba ina chili poyera, udya kapena usiya? Kamwana kena kataya mphaka, ukathandiza? Iwe umangoti ndi zocheza. Patapita nthawi uli m'khoti, akukuimba mlandu woba mwana wa mfumu, ndipo mboni zikubwera imodziimodzi kudzanena zonse zija. Ndani wa ife amene sanatuluke thukuta pamenepo? Ndipo chowawa nchakuti ngakhale khoti likupeze wosalakwa, nduna yaikulu ya mfumu imakutsekerabe ndi kulamula kuti uphedwe. Amene anakhalapo m'dziko muno isanafike referendamu ya pa 14 June 1993 safuna womasulira pamenepa. Mikuyu inadzaza ndi anthu amene sanaone ndi khomo la khoti lomwe.

Yachitatu, imene ine ndimaikonda koposa, ndi Dragon Quest V ya 1992, yolembedwa ndi Yuji Horii, zithunzi zake za Akira Toriyama uja wa Dragon Ball. Umayamba uli kamwana koyenda pambuyo pa bambo ako. Bambowo aphedwa iwe ukuona. Ukhala kapolo zaka khumi, kuswa miyala. Uthawa, ukula, ndipo ifika nthawi yosankha mkazi: Bianca amene munasewera naye paubwana, kapena Nera, mwana wa munthu wachuma. Ubereka mapasa, kenaka adani akusandutsa mwala kwa zaka zisanu ndi zitatu, mpaka ana ako omwe adzakupeze. Ndipo ngwazi yolonjezedwa imene wakhala ukuifunafuna moyo wako wonse si iwe ayi, ndi mwana wako wamwamuna. Ndiuzeni, ndi mabuku angati a m'masukulu mwathu amene amasenza moyo wa munthu kuchokera kuubwana mpaka kuubambo mwa njira yotere? Gemu imeneyi ukaimaliza umamva kulemera kwa zaka zonsezo pamapewa, chifukwa wayenda nazo wekha.

Yachinayi ndi Fallout ya 1997. Dziko lapsa ndi mabomba, anthu ako akubisala m'phanga lotchedwa Vault 13, ndipo kachipangizo koyeretsera madzi kaonongeka. Akupatsa masiku 150 kuti ukapeze kena. Ukhoza kudutsa ndi mfuti, ukhoza kudutsa ndi lilime, ukhoza kuba. Ukapanga munthu wanzeru zochepa kwambiri, amalankhula zosamveka ndipo anthu amamuyankha ngati chitsiru mpaka gemu kutha. Ukapha mwana, dzina loipalo likutsata mudzi uliwonse. Pomaliza gemu imakuwerengera tauni imodziimodzi, Shady Sands, Junktown, Hub, kukuuza zimene zinagwera anthu ake chifukwa cha iwe. Ndiye ukabwerera kwanu utapulumutsa onse, mkulu wa phangalo akuti wasintha kwambiri, achinyamata angatengere iwe, choka. Funsani ena mwa amene anamenyera ufulu wa dziko lino ngati nkhani yotere ndi yachilendo.

Ndikudziwa pamene otsutsa andidikirira. Akuti nanga Final Fantasy VII ya 1997, imene aliyense amaitcha RPG, si nkhani yolembedwa kale imene sungaikhotetse? Zoona, zosankha ndi zochepa mmenemo. Koma ine sindinati RPG ndi zosankha, ndati ndi kusaiwala. Kumapeto kwa chimbale choyamba mwa zitatu, Sephiroth abaya Aerith, mtsikana wogulitsa maluwa. Maola onse amene unathera kumulera, kumugulira zida, kumuphunzitsa matsenga ochiritsa, apita naye. Mankhwala odzutsa okomoka pankhondo, amene uli nawo thumba lodzaza, sagwira ntchito. Anthu padziko lonse anatha zaka akunamizana za njira yachinsinsi yomuukitsira, koma kunalibe. Malo ake amakhala opanda munthu mpaka mapeto, monga mpando wa malemu pakhonde. Ndipo za mzinda wa Midgar, kumene olemera amakhala pamwamba pa chimbale chachitsulo, amphawi nkumakhala kunsi kolandira zinyalala, mwana wokulira kumunsi kwa mtsinje wa Mudi, umene umatsika ndi zonyansa za m'mafakitale, amazimva msanga kuposa mwana wa ku Tokyo.

Ena akuti nanga The Legend of Zelda ya 1986? Muli lupanga, muli mapanga, muli mwana wa mfumu wofuna kupulumutsidwa. Ndi gemu yabwino zedi, koma chimene chimakula mmenemo ndi zala zako ndi katundu wa m'thumba. Link wa kumapeto ndi Link yemwe uja wa poyamba, dziko silimusungira mangawa kapena chiyamiko. Imeneyo ndi gemu ya ulendo. Kuitcha RPG ndi kutcha bakha nkhuku poti onse ali ndi nthenga.

Koma adani enieni si a Zelda. Ndi timagemu ta m'mafoni timene tadzaza masiku ano, todzitcha RPG, tokupatsa ulere poyamba kenaka nkumati lipira kuti utsegule bokosi, mwina mutuluka ngwazi yamphamvu, mwina zinyalala. Imeneyo ndi juga yovala mkanjo. Mphamvu yogula ndi ndalama ilibe mbiri. Munthu amene wangolowa lero ndi chikwama chonenepa amagonjetsa amene wavutika mwezi wathunthu, ndiye phunziro lake kwa mwana nlotani? Lomwe lija amaliona kale pa mzere wa ku ofesi, kuti wandalama sadikira.

Chifukwa chake bodzali lamera mosavuta kuno nchodziwika. Ambiri a ife RPG inatidutsa. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka. Chimene chinafika m'makomo ndi TV game ija ya makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, pamene muli Super Mario, Contra, akasinja ndi abakha owombera, zongobwerezabwereza. Ukazimitsa, zonse zafufutika. Tinyumba ta magemu titabwera, mwini wake anafuna ndalama ya msangamsanga: mpira umodzi, ndewu imodzi, wotsatira alowe. RPG imafuna maola makumi atatu kapena anayi, memory card yako, Chingerezi chowerenga, ndi magetsi osathima usanasunge pamene wafika. Ndani akanakusiyira mpando? Choncho tinalera mbadwo wonse pa magemu opanda dzulo.

Komabe tisadzinyoze ngati kuti nzeru imeneyi ndi yachilendo kwa ife. Nanga masanje nchiyani? Pambuyo pokolola ana amamanga timisasa, wina bambo, wina mayi, wina mfumu, wina fisi. Ukakhala fisi ndiwe fisi mpaka dzuwa kulowa, sungasanduke bambo pakati pa masewera poti waona mphika wapsa. Amene anamana anzake ndiwo dzulo, lero palibe wofuna kumanga naye banja. Palibe amene analemba malamulowo, koma aliyense amawadziwa. Gygax ndi Arneson anawonjezerapo madayisi basi. Ndipo mwambo wa RPG iliyonse, wolowa m'mudzi ndi kulankhula ndi aliyense usanapitirire, agogo anaunena kalekale: safunsa anadya phula.

Nchifukwa chake ndikulankhula ndi inu alembi anzanga, amene mumakwinya nkhope mukamva mawu akuti gemu. Ku Cameroon, anyamata a Kiro'o Games motsogozedwa ndi Olivier Madiba anatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, RPG yomangidwa pa miyambo ya ku Africa, akulimbana ndi kuthimathima kwa magetsi ngati ife tomwe. Ife tikudikira chiyani? Tili ndi Mbona wa ku Khulubvi, tili ndi Makewana wa ku Msinja, tili ndi Napolo wogumula mapiri, tili ndi Sapitwa ndi mizimu yake, tili ndi ulendo wa a Maravi ndi Kalonga wawo. Wodziwa kompyuta alipo ku MUBAS ndi ku MUST, wojambula alipo ku Ndirande, woimba ali paliponse. Chosowa ndi mlembi wodziwa kuluka nkhani imene imasunga mangawa. Imeneyo ndi ntchito yathu, ndipo tikaikana adzatilembera ena, Napolo nkumalankhula ngati wa ku California.

Inunso eni tinyumba ta magemu, siyani makina amodzi pakona oti mwana azipitiriza pamene analekezera dzulo. Chrono Trigger, Dragon Quest V ndi Final Fantasy VII zikugulitsidwa ngakhale za pafoni, ndipo sizifuna foni yodula. Makolo, musanalande foniyo, tayambani mwafunsa kuti mwanayo akusewera chiyani. Ngati ndi juga ya mabokosi, landani ndithu. Ngati akuwerenga, akufunsa njira, akudandaula kuti ananamiza wakhungu ndipo tsopano zamutsata, musiyeni, kuona maso a nkhono nkudekha.

Pakuti dziko lathu lino taliyendetsa nthawi yaitali ngati Mortal Kombat. Wina atizula mutu zaka zisanu, chisankho chikafika wasintha malaya a chipani, wabwera wathunthu wopanda chipsera, ife nkuimba m'manja kuti tiyambirenso 0-0. Za Cashgate ya 2013 ena ayamba kale kufunsa kuti inali chiyani. Mwana amene anaimapo m'khoti la Chrono Trigger, nkumva mboni ikunena za chakudya cha nkhalamba chimene anadya mwakuba, akadzakula adzafunsa wofuna voti yake kuti: bwana, musanatiuze za mawa, dzulo munali kuti?