MISALA SI MLANDU, MASULANI ABALE ATHU A KU LUNDAZI

Anzathu a m'makomboni, inu amene mutumiza ndarama kumudzi pakutha pa mwezi, tamverani. Ndani wa inu sadziwa nyumba ina kwa Mwase, kwa Kapichila kapena kwa Mphamba kumene munthu wodwala misala amangidwa cingwe pamtengo ngati mbuzi? Makolo ace si ankhanza ai. Asowa kopita naye.

Atsamunda anali kutenga odwala otere ndi kuwaponya ku Ingutsheni ku Bulawayo, kutali ndi abale ao. Lamulo lao la 1949 linawacha maina acipongwe, monga zitsiru. Ife tinatenga ufulu mu 1964, koma lamulo lonunkhalo tinalisunga zaka 55, kufikira Nyumba ya Malamulo inalicotsa mu 2019. Cabwino, pepala linasintha. Nanga cingwe cija anamasula ndani?

Cipatala ca Chainama cinatsegulidwa ku Lusaka mu 1962. Kucokera pa Boma la Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita ngati 180, ndipo kufika ku Lusaka ndi oposa 700. Mlimi amene agulitsa nsawa ndi thonje kamodzi pacaka adzalipira bwanji basi ya anthu atatu, wodwala ndi awiri omugwira? Tsono agulitsa mbuzi, apita kwa ng'anga, abwera ndi mlandu wa ufiti pamutu pa agogo. Sitinyoza ng'oma ya vimbuza, pakuti imasonkhanitsa mudzi pa munthu wobvutika mtima. Koma khunyu ndi misala ziri ndi mankhwala ace otsika mtengo. Ena ndi mapiritsi, ena ndi jekeseni imodzi pamwezi. Mankhwalawa agwira nchito ngati munthu sadumphitsa. Angaleke bwanji kudumphitsa ngati ulendo wace ndi wa tsiku lathunthu?

Za mowa nazo tinene zoona. Mu 2012 Nduna Nkandu Luo analetsa tujilijili, tonse tinaomba m'manja. Koma ludzu sililetsedwa ndi lamulo. Kacasu akali kuphikidwa, camba cikali kusutidwa, ndipo ndarama za mbeu zithera m'botolo feteleza asanagulidwe. Munthu womwa kwambiri akaleka mwadzidzidzi anjenjemera, aona zinthu zosaoneka, akomoka, ena amafa. Ameneyo ndi wodwala. Mukampereka kwa apolisi, adzaturuka m'citokosi ndi ludzu lomwelo.

Asatiuze kuti ndarama kulibe. Mu 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo caka comweco linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000. Mu 2018 Lumezi ndi Chasefu anapatulidwa ku Lundazi kuti Boma lifike pafupi ndi anthu. Ngati lafikadi pafupi, tifuna kuona namwino wophunzira za matenda a maganizo akuyendera zipatala zazing'ono za kumidzi mwezi ndi mwezi pa mthuthuthu, mankhwala ali m'bokosi. Tifuna cipinda kumene cidakwa cingagone masiku owerengeka moyang'aniridwa pamene cileka mowa. Tifuna mafumu ndi a nyakwawa aletse kumanga odwala.

Inu muli ndi mafoni, mudziwa kulemba kalata. Lemberani phungu wa kwanu ndi khansala wa wadi yanu, muwafunse kuti pa ndarama za CDF ndi zingati zapita kwa odwala maganizo ndi ofuna kuleka mowa. Akayankha, muwerengere anthu yankholo pabwalo la mfumu mukapita kumudzi pachuti.